Tsiku Limene Tinakumba Mtsinje Pansi pa Dziwe

Anthu amene anafika pa Mwanza posachedwapa amalitchula kuti dziwe, ndipo sindiwadzudzula, pakuti chimene maso awo amaona ndi dziwe ndithu: madzi odikha, mabango m'mphepete, nyumba za malata mbali zonse, ndi kamsewu kafumbi kolowera kumsika. Bambo anga okha ndiwo amakana. Kwa iwo malowo ndi mtsinje, ndipo m'mawa uliwonse akanyamula khasu ndi ndowa amatsanzika kuti, "Ndapita kumtsinje."

Mbiri ya malowo ndaimva kambirimbiri. Bambo ali mwana, mtsinje unkagawika pawiri kumtunda kwa boma. Mbali yaing'ono inkakhota, kudutsa kumunsi kwa mudzi wathu, n'kukakumananso ndi inzake kutsogolo. Chaka china madzi osefukira anaunjika mchenga pamene mtsinjewo unkagawikira, njira n'kutsekeka. Kenaka okonza msewu anathira miyala kumunsi, ndipo madzi amene anatsala pakati anasowa kolowera. Tauni nayo inabwera mwakachetechete, nyumba lero, golosale mawa, mpaka inalizinga dziwelo.

Zamoyo za m'menemo sizinafune kusamuka. Akakowa amatera m'mawa, oyera mbee ngati avalira ukwati. Mpheta zimaluka zisa pamabango n'kumalongolola tsiku lonse, kuposa ogulitsa manachesi pamsewu waukulu. Pamkuyu pali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati dengu la chimanga, ndipo palibe mwana, ngakhale wopulupudza bwanji, amene amachigenda. Pali ng'azi ina imene imaothera dzuwa pachitsa, yodziwika dera lonse chifukwa cha mazira a nkhuku amene yakhala ikuba. Pansi pa zonsezi pamakhala milamba.

M'mbali mwa madziwo ndi mmene muli dimba la bambo. Chipumireni pantchito, moyo wawo wonse uli m'menemo: mpiru, tomato, ndi mbande za manachesi zimene amazisamala ngati makanda.

Chaka chatha nditafika kutchuthi kuchokera ku koleji, ndinapeza dziwe litaphwa. Mvula inali itavuta, dzuwa linali litakula mphamvu, matope anali atang'alukang'aluka. Akakowa anali atachoka. Bambo ankatunga madzi pamjigo wakutali kuti mbande zisafe, akudikira mvula.

Ndi m'masiku amenewo pamene kunabwera mkulu wina, mwini malole opita ku Mozambique, amene anali atagula malo oyandikana ndi dziwelo. Maganizo ake anali oti akwirire dziwe lonse ndi dothi ndi miyala, apeze poimika malole ake. Zikanatero, ngakhale mvula ikanagwa, madzi sakanaimanso pamenepo, ndipo dimba la bambo likanathera pomwepo.

"Madala, dziwe lanu lamwalira," anatero mkuluyo, akuseka. "Tiyeni tiliike m'manda mwaulemu."

"Wamwalira ndani?" anafunsa bambo. "Mtsinje sufa, bwana, umangobisala. Pansi apa madzi alipo."

"Mukandionetsa madzi, ndisiya. Ine sindingaimike lole pamalo potitimira. Koma dziwani kuti miyala ikubwera Loweruka."

Limeneli linali Lachinayi. Mkuluyo atachoka, ine ndinawafotokozera bambo mwaulemu zimene ndinawerenga, kuti mtsinje ukadulidwa kumtunda umasanduka thamanda lodalira mvula yokha. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandipatsa khasu.

"Wayankhula bwino," anatero. "Mawa ubwere nawo mabuku akowo, adzatithandize kukumba."

Kufukula madzi mumtsinje wouma si zachilendo kwathu. Chinsinsi chake n'chimodzi: uyenera kudziwa pamene madzi ankazama, pakuti pamenepo ndi pamene amabisala. Lachisanu m'mawa bambo anayenda pamatope ouma aja molimba mtima, n'kuima chakumtunda.

"Apa ndi pamene ndinkasambira. Kumba."

Ndinakumba mpaka dzenje linandifika m'chiuno. Munatuluka fumbi, botolo losweka, ndi nsapato imodzi. Bambo anasuntha mapazi khumi, ndipo ndinayambanso. Pofika masana tinali ndi maenje atatu ouma gwaa, manja anga atatuluka matuza, ndipo anyamata a kabaza anali ataimika njinga zawo pakamsewu kuti aonerere.

"Aphunzi!" anakuwa mmodzi. "Mukapeza golide musatiiwale!"

"Asiyeni," anatero mnzake, "ndi homuweki ya ku koleji imeneyo."

Ine ndinaseka nawo, koma bambo sanaseke. Anakhala pamulu wa dothi, chipewa chili pabondo, akuyang'ana mbande zawo.

Nthawi imeneyo ndi pamene anatulukira azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo, akuchokera kumsika ndi beseni pamutu. Anaima, n'kuwerenga maenje aja ndi chala.

"Achimwene, maliro ake ndi a ndani, manda mpaka atatu?"

Bambo anafotokoza zonse. Azakhali anatula beseni, n'kuseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Ndiye mukufuna madzi padooko la amuna? Inu munkasamba pamadzi olekeza m'mawondo, n'kumadziyesa ng'ona! Pozama panali kwathu, padooko la amayi, pansi pa mwala wochapirapo. Pamenepo madzi ankatumphuka pansi, ozizira ngati a mumtsuko, ngakhale m'chilimwe."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji, achemwali?" anatero bambo. "Kumeneko sitinkapondako."

Ankanena zoona. Masiku amenewo amuna anali ndi posambira pawo, amayi pawo, ndipo mwamuna akamadutsa chapafupi ndi dooko la amayi ankayamba wakuwa ali patali, n'kudikira yankho, maso ali kumbali. Zaka zonsezi bambo ankatisimbira za mtsinje wawo ngati ankaudziwa wonse, chonsecho ankaudziwa theka lokha.

Azakhali anathyola kamtengo n'kulowa m'mabango a kumunsi, kumene anthu anazolowera kutayako zinyalala. Ankabaya pansi apa ndi apo, akung'ung'udza za mapepala a pulasitiki, mpaka kamtengo kanagunda chinthu cholimba.

"Nawu! Bwerani ndi khasu, inu a ku koleji."

Ine ndinalowa m'mabangomo mosaganiza kanthu. Bambo ananditsatira, koma atafika pamene mabango amayambira anaima, n'kutsokomola, n'kukweza mawu:

"Kumadziko!"

Anyamata a kabaza anafa nalo phwete. Kunalibe madzi, kunalibe wosamba, koma miyendo ya bambo inakana kupitirira popanda chilolezo. Azakhali anayankha ndi nkhope yosaseka, monga ankayankhira ali mtsikana:

"Dutsani, tavala!"

Tinachotsa zinyalala ndipo mwalawo unaonekera, wosalala ngati mphero chifukwa cha nsalu zimene zinamenyedwapo kalekale. Ndinakumba m'mbali mwake. Poyamba dothi linali louma, kenaka mchenga unayamba kuda, kenaka unayamba kumata kukhasu. Dzenje lisanafike n'komwe m'mawondo, ndinamva kuzizira kuzala za kumapazi. Madzi ankalowa pang'onopang'ono kuchokera pansi pa mwala. Nditapisa dzanja m'matope a m'phanga la mwalawo, chinthu choterera chinandipulumuka, ine n'kulumpha mokuwa mawu amene sindingawalembe pano. Unali mlamba, ndevu zake zili tolotolo, ndipo kumbuyo kwake kunali inzake iwiri.

"Ndiwo zapezeka!" anakuwa mmodzi wa anyamata a kabaza aja.

"Milambayo musaigwire," anatero bambo. "Imeneyo ndiyo mbewu ya chaka chamawa."

Loweruka m'mawa mwini malole anafika, miyala isanabwere. Dzenje lija linali litadzaza mpaka pakamwa, ndipo tombolombo mmodzi anali atalipeza kale. Mkuluyo anatenga chitsulo chachitali m'galimoto mwake n'kuchizika pafupi ndi mwala. Chinalowa ngati mpeni m'papaya. Anayesa pena, chimodzimodzi. Anapukuta manja, n'kupukusa mutu.

"Madala, mwawina. Apa lole ingalowe mpaka denga." Anaimba foni kuti miyala ikatsitsidwe pamalo ake a kumtunda, kenaka anafunsa, "Koma mwadziwa bwanji kuti madzi ali apa?"

"Mtsinje uwu ndimaudziwa kuyambira ndili mwana," anayankha bambo.

Azakhali anatsokomola kawiri.

"Ndi achemwali angawa," anawonjezera msanga bambo.

Mvula itagwa dziwe linadzazanso, akakowa anabwerera, mpheta zinayambiranso milandu yawo. Mbande zija zinapulumuka ndi madzi a m'dzenje lija, ndipo tsopano zawokedwa kumunda. Bambo amatunga madzi pamwala wochapirapo, chifukwa ndi pamene saphwa. Kumeneko masiku ano sikusamba munthu, kumangopezeka ng'azi ija ikuothera dzuwa. Komabe m'mawa uliwonse, akafika pamene mabango amayambira, amatula ndowa, n'kukuwa kuti, "Kumadziko!" Akatero amadikira pang'ono, kenaka n'kulowa.