Chikho cha Thobwa Kuphiri

"A kapitawo, tiuzeni poyera! Mkamwa mwathu muli chiyani choti chikunyanseni?"

Amene anakalipa choncho anali mkulu wina wocheka matabwa, munthu amene ndagwira naye ntchito m'mapaini a paphiri la Zomba kuyambira tili ndi tsitsi lakuda. Linali tsiku langa lachitatu chibwerereni kuntchito, nditatha miyezi yambiri ndikulandira mankhwala a khansa ku Blantyre. Anzangawo ankangodziwa kuti ndinadwala. Dzina la matendawo ndinawabisira, poti kwathu ku Chikanda anthu anali atandiika kale m'manda ndi pakamwa.

Kuphiriko tili ndi mwambo. Popuma masana timathira thobwa m'chikho chimodzi, chizungulire onse, ine kapitawo ndimalize. Wokana ndiye kuti akuganiza kuti wina wathiramo mankhwala. Ine ndinali nditakana masiku awiri, ndikunamizira m'mimba.

Chonsecho adokotala anali atandiuza momveka nditawafunsa ngati ndingabwerere kuntchito. "Bwererani bambo, koma asilikali a m'thupi mwanu sanakwane bwino. Chimfine chimene mnzanu angachire akucheka matabwa, inu chikhoza kukugonekani. Musamwere pamodzi ndi wokhosomola. Thupi likangotentha, musadikire."

Ndipo wokalipayo ankakhosomola masiku atatu onsewo, chifuwa chochokera pansi penipeni.

"Achimwene, musandiyese dala," ndinatero.

"Mwamva? Ku Blantyre anawaphunzitsa uzungu awa," wina anaponyapo. "Mawa tiwabweretsere kapu yagalasi ndi sosala."

Anaseka onse. Ine vuto langa ndi mtima, umathamanga kusiya mutu kumbuyo. Ndinalanda chikhocho m'manja mwa wachifuwayo, chikadali chonyowa m'mphepete, ndinagugudiza chonse n'kuchiponya pautuchi.

"Mwakhuta tsopano?" ndinawafunsa.

Anandiombera m'manja. Ine thobwalo linandiwawa ngati ndulu.

Potsika ndinadutsa amayi ogulitsa zipatso pamsewu osawayankha moni. Ndinkangomeza mate kuti ndimve ngati pakhosi payamba kukanda. Ndinakumbukira bambo wina amene tinkagona naye wodi imodzi. Chotupa chake chinali chitaphwa ndithu, koma chinamutenga ndi chibayo.

Nditafika ndinawauza akazi anga. Ndimayembekeza phokoso, ndipo ndinali nditakonza kale zoyankha. Iwo anangoika dzanja pachipumi panga n'kunena kuti, "Miyezi yonse ija ndinkagona pasimenti kuchipatala, bambo, ndimadikirira zimenezi?" Bola akanandimenya.

M'mawa mwake thupi silinatenthe, koma sindinadzinamize kuti ndapulumuka. Ndinakwera phiri chifunga chisanachoke. Macheka asanayambe kulira ndinawaitana onse, ndinamasula kolala n'kuwaonetsa chipsera cha pakhosi.

"Inali khansa," ndinatero. "Kaiuzeni Chikanda yonse ngati mukufuna."

Palibe anaseka. Kenako ndinamulanda macheka mkulu wachifuwa uja, n'kumuuza atsike akapimitse makhololo, asabwerenso mpaka atandionetsa zotsatira.