Madzi Otayika a Chimphepo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anagwetsa Chimphepo. Limeneli ndi dzina lomwe tinaupatsa mpope wakale woyendera mphepo, umene unali kumapeto kwa mudzi wathu, cha ku Guilleme. Anausiya ndi eni esiteti ya fodya yomwe inatha ine ndisanabadwe. Unali nsanja yachitsulo ya mapiko pamwamba, ndipo mphepo ikawomba mapikowo ankazungulira n'kumakoka madzi pansi kuthira m'thanki. M'masiku athu unali utachita dzimbiri, mapiko awiri atathothoka, ukulira ngati chitseko chosowa mafuta. Mphepo ikaleka tinkatha masiku atatu osatungapo.

Koma ikawomba, thanki inkasefukira. Madziwo ankatsata kangalande mpaka kumunsi, komwe mayi anga ndi amayi ena anayi anali ndi madimba. Tomato ndi repu wa m'dimba lathu mayi ankakagulitsa kwa madalaivala a mathiraki ku boda. Bambo anali atamwalira, choncho dimbalo ndilo linkatidyetsa chilimwe chonse. Ine ndinkangodya, osafunsa kuti zikuchokera kuti.

Zipani zitangoyamba kuchuluka, mabungwe nawo anachuluka m'midzi. Alendo a bungwe lina anabwera kudzamva maganizo a anthu pa nkhani ya madzi, ndipo ahedi a pasukulu pathu anasankha ine kuti ndilankhule m'malo mwa ana. Sanalakwitse kusankha, chifukwa manyazi ndinalibe ndipo ndinkadziyesa wanzeru kuposa mudzi wonse. Ndinaimirira, yunifolomu yochapa dzulo lake, n'kunena kuti Chimphepo chakalamba, chimatisokosa, komanso madzi ambiri amangotayika pachabe. Anthu anawomba m'manja, mlendo wina n'kulemba m'kope. Mayi anali atakhala kumbuyo ndi anzawo a madimba aja, ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene analankhula.

Patapita miyezi ingapo anabwera anthu ndi zingwe, nsanja ija n'kuigwetsa, zitsulo n'kukweza m'lole. Pachitsime pomwepo anaikapo mjigo, n'kuwaka simenti mozungulira. Ndisaname, mjigowo unatithandiza. Madzi anali oyera, a tsiku ndi tsiku, osadikira mphepo. Koma mjigo umatulutsa madzi okhawo amene mkono wapopa. Mzere wa ndowa unkatalika, ndiye komiti inalamula kuti pamjigo pasatungidwe madzi othirira mbewu. Pasanathe masabata awiri kangalande kaja kanauma mpaka kung'aluka.

Tsiku lina m'mawa mayi anandiitana. "Esinati, tenga ndowa. Tiye ukaone madzi ako otayika aja."

Tinatsetsereka kudimba. Tomato anali atazolika, masamba atapiringizika, nthaka ikuwotcha kumapazi. Ndinkayembekezera mbama, ndipo mwina ikanandipepukira, koma sinabwere. Tinayamba kusenza madzi kuchokera kudambo, ulendo woti ukapita katatu khosi latha. Tinalimbana nazo mwezi wathunthu, kenaka tinagonja. Chaka chimenecho mayi anayamba kuwoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Zambia, kubwerako miyendo itatupa.

Ndili kuwathowa miyendoyo tsiku lina, ndinalimba mtima n'kufunsa. "Amayi, nanga bwanji simunanene pamsonkhano paja kuti madziwo ndi a kudimba?"

"Ndikanakutsutsa pamaso pa alendo, iwe mwana wanga? Unalankhula bwino, anthu anakuwombera m'manja."

Manyazi amene ndinalibe aja anandipeza tsiku limenelo.

Lero ndikudziwa kuti Chimphepo chikanagwabe ngakhale ndikanakhala chete, chifukwa chinali chitathadi. Komabe alendo aja anabwera kudzafunsa, ndipo akanauzidwa za madimba mwina akanasiya thanki, kapena akanaganiza njira ina. Anamva mwana wa pakamwa pakuthwa, ndipo amene ankadziwa zoona anakhala chete pofuna kuti mwanayo asachite manyazi. Ndakula, ndakhala pamisonkhano yambiri yokambirana zochotsa zakale n'kuika zatsopano, ndipo sindikana zatsopanozo. Kungoti wina akanena kuti chakutichakuti chikungotayika pachabe, ndimayamba ndayang'ana amayi amene akhala chete kumbuyo, kenaka ndimapempha kuti titsate kangalande tikaone kumene madziwo akuthera.