Kaseti ya a Rafael

Achimwene Rafael, lero ndamva nyimbo ya bachata m'sitolo ku Hyattsville kuno ku America, ndakumbuka m'ma 1990 muja tikunyamula makatoni ku Landover. Popuma munkaika kaseti yanu, gitala n'kumalira ngati wamasiye. Munati, "Kwathu ku Dominican Republic iyi ndi nyimbo ya amphawi, ya m'mabala a mowa, mawailesi ankaikana. Ndikadzafa mudzandiikire."

Pamaliro anu ndinapita nayo kasetiyo. Mwana wanu anandibweza pakhomo, amvekere, "Ankolo, za zidakwazo ayi, mutichititsa manyazi." Munapita opanda nyimbo yanu. Tsopano bachata yatchuka, olemera akuivina pamaukwati, ndipo mwana yemwe uja wandiimbira foni, akuti akufuna kaseti ya bambo ake. Sindinamuyankhe. Mtima ukundiwawabe. Ndiuzeni achimwene, ndimupatse?