Mbama ya Pachigafa

Ndinachoka ku Nsaru chaka chimene fodya anatigwetsa. Anthu ndinawauza kuti ndikukafuna ndalama ku Joni. Zinali zoona, koma panali china. Sabata imeneyo ndinamenya mbama mwana wanga Yohane pachigafa, chifukwa anasakaniza masamba posankha fodya. Anali wandevu kale, ndipo mtsikana amene ankamufunsira anali pomwepo. Sanalire. Anangondiyang'ana.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosesa holo yophunziriramo karate. Ndinkagona ndekha m'kachipinda kuseri. Ndalama ndinkatumiza. Ndikaimba foni ankayankha ndi mayi ake a Yohane.

"Yohane alipo?"

"Wapita kudimba."

Zaka zisanu ndi zinayi, dimba lomwelo.

Mphunzitsi wa karate anali bambo waimvi, wamfupi, wosalankhulalankhula. Ankagwada n'kumakolopa pansi pamodzi ndi ophunzira ake. Ataona kuti ndimasuzumira pakhomo, anandipatsa lamba woyera wa ongoyamba kumene n'kundiimika kumapeto kwa mzere. Ine wa zaka makumi asanu, kuweramira anthu oti ndikanawabereka. Kumeneko umaweramira mnzako musanagwirane, umamuweramiranso mukatha. Chibakera umachiimitsa chisanafike pakhungu. Amati karate siyamba ndewu.

Tsiku lina mnyamata wina anaseka m'mene ndinkaponyera mwendo. Sindinaimitse chibakera. Magazi anatuluka m'kamwa mwake. Ndinadikira kuthamangitsidwa. Mphunzitsi sanandikalipire. Anapita kwa mnyamatayo, anagwada, mphumi mpaka pansi.

"Wophunzira wanga wakupweteka," anatero. "Sindinamuphunzitse bwino. Ndikhululukire."

Ndinali ndisanaonepo wamkulu akupepesa wamng'ono. Ndinagwada pambali pake. Kuyambira pamenepo, ndikaweramira munthu ndinkaona nkhope ya Yohane.

Mawondo atayamba kukana ntchito ndinabwerera. Mudzi unandilandira bwino. Azimayi anagwada, adzukulu anandilandira chikwama ndi manja awiri. Apa m'pamene ndinaona kuti ulemu umene ndinakaupeza ku Joni kwathu unalipo kale. Moyo wanga wonse ndinkangoulandira, osaubweza.

Yohane sanabwere kudzandilonjera. Anali atakwatira mtsikana uja, n'kumanga nyumba yamalata kutsidya kwa dambo. M'mawa mwake ndinapita ndekha. Ndinamupeza pabwalo akukonza ngolo ndi anzake atatu.

"Mwafika, bambo," anatero, maso ali pagudumu.

Mkazi wake anathamangira mpando. Ndinaukana. Ndinavula chipewa n'kugwada pafumbi. Mawondo analira.

"Ndinakulakwira, mwana wanga. Undikhululukire."

Sipanala inamugwa m'manja. "Bambo, dzukani. Anthu akuona."

"Aone. Tsiku lija anaonanso."

Kenako anagwada nayenso, nandigwira m'khwapa kuti andidzutse. Ndekha sindikanatha kudzuka, ndipo ndinamulola.