Waya Wanga Sindinamutsitse

Titabwerera kwathu ku Mualadzi kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, ndinali ndi ana awiri, khasu, ndi wailesi ya malemu amuna anga. Wailesiyo inkandizunza. Mawu ankafika ofooka ngati a munthu wodwala. Ukakweza kuti umve, mapilya, mabatire akewo, ankatha m'masiku ochepa, ndipo kogula ena unali ulendo wa tsiku lonse wapansi.

Kumsasa wa othawa nkhondo ndinkagulitsa zitumbuwa pafupi ndi bambo wina wokonza mawailesi, ndipo ndinkayang'anitsitsa manja ake. Iye ankati wailesi ikamamva movutikira usamaikweze, uzingoipatsa khutu lalitali. Ndiye m'mawa wina ndinapita pagalimoto yopsa imene inatsala m'mbali mwa msewu, ndikuponda mmene mwaponda ng'ombe poopa mabomba okwirira. Ndinasolola waya wamkuwa, ndinamupala ndi mpeni. Ndinakwinda chitenje n'kukwera ndekha mumtengo wa mango kukamangirira wayayo pamwamba. Nsonga ina ndinaikulunga pa kanyanga ka wailesi. Waya wina wamfupi ndinamumangirira kumsomali n'kuukhomera panthaka yonyowa pafupi ndi mtsuko.

Mawu anabwera omveka bwino. Ndinatsitsa kwambiri, koma ankamvekabe khonde lonse. Mapilya omwewo anandifikitsa nthawi yopalira.

Alamu anga, akulu awo a malemu, atamuona wayayo anaima chapatali.

"Mlamu, tsitsani chinthucho. Mwaiwala kuti nthawi ya nkhondo anthu ankatengedwa chifukwa cha waya wotere? Adzati mukulankhula ndi akutchire."

"Adzatero ndani, alamu? Mfuti anatula."

"Mutiputira mavuto tonse."

Ndinawagwadira monga mwa ulemu, koma ndinawauza kuti ndinathawa kamodzi, ndinasiya nyumba, mbuzi ndi manda a amayi anga. Pakhomo panga sindidzabisanso kanthu. Wofuna kumutsitsa wayayo akwere yekha, ine ndikuona.

Palibe anakwera. Koma anthu anayamba kulambalala pakhomo panga, ndipo kutchalitchi amayi ena ankasendera kutali ndikakhala pansi. Zinandiwawa. Wailesi ndinkaiika panja dala, masana dzuwa likuswa mtengo, kuti aliyense amve kuti ndi nyimbo ndi nkhani za mbewu basi.

Tsiku lina ndikusenda chinangwa, pawailesi anayamba kuwerenga mauthenga a anthu ofunafuna abale awo. Anatchula mtsikana amene ali ku Malawi, akufuna amake a ku Mualadzi. Amakewo anali mmodzi wa ondithawa aja, ndipo mwanayo anali atamulira kale maliro. Ndinathamangira kumunda kwawo mpeni uli m'manja.

Poyamba sanandikhulupirire. Anandibwerezetsa katatu dzina, mudzi ndi msasa umene wailesi inatchula. Kenako anakhala pansi pamzere, khasu lili pamiyendo, osalira, akungopuma mwamphamvu.

M'mawa mwake ndinawaperekeza mpaka pamtsinje. Anamanga ufa pang'ono pansalu, ndipo achimwene awo anawakweza panjinga kulowera ku Nsadzo, kukafunsa njira ya kumalire a Malawi.