Ndinazimitsa Injini Pamtsetse

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, ndinkayendetsa pikapu ya alamu anga, kunyamula nsomba za ku Mbenji. Madalaivala anzanga ankati ukamazimitsa injini pamtsetse, mafuta satha msanga. Tsiku lina tikutsikira ku Salima, alamuwo akuwodzera pambali panga, ndinazimitsa.

Buleki inauma ngati mwala. Kutsogolo kunali mayi wa panjinga, mwana ali kumsana. Ndinaponda ndi miyendo yonse iwiri, n'kukhotetsa chiwongolero kumulewa mayiyo, mpaka galimoto inakaima m'munda wa chinangwa.

"Alamu, chachitika n'chiyani?" anandifunsa alamu anga atadzidzimuka.

"Mabuleki," ndinatero.

Mawa lake anakakalipira makaniko wosalakwa pamaso pa anthu, ine ndili pambali kuvomereza ndi mutu. Mafuta amene ndinasungawo sakanadzaza ndi kapu yomwe.