Mmene Ndinamanira Asiyatu Nyanja

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anandipatsa ntchito yokonza ulendo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene ndinaigwirira ndimadzikwiyira. Tinkakhala ku Lungwena, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja. Bambo ankayendetsa kagalimoto ka abwana ena konyamula nsomba. Chaka chimenecho nyanja itatsekedwa kuti nsomba ziswane, galimotoyo inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumabisala dzuwa kunsi kwake. Kenaka abwana aja anatuma bambo kuti akasiye injini ya boti kwa makaniko ku Monkey Bay, kutsidya linalo, n'kubwerako tsiku lomwelo.

"Agi, Loweruka tipitira limodzi," anatero bambo. "Ndatumiza uthenga ku Namwera kuti msuweni wako Asiyatu atsike. Mwana uja nyanja amangoionera patali ali pamwamba pa phiri, sanaikhudzepo. Iwe ndiwe wasukulu, sankha malo atatu oti tikaime panjira. Atatu okha."

Asiyatu anali mwana wa azakhali anga, amene anakwatiwa ku Namwera n'kulowa Chisilamu. Tinali a msinkhu umodzi, koma tinali titaonana kawiri kokha, konse pamaliro. Makolo ake anamulola tsiku limodzi basi, chifukwa mvula inali pafupi ndipo mbande za fodya zinkafuna wothirira. Anayenera kukwera matola omaliza obwerera kumapiri dzuwa lisanapendeke kwambiri.

Mlungu wonsewo za m'kalasi sizinalowe m'mutu. Ndinang'amba pepala pakati pa kope la masamu n'kuyamba kulemba, kufufuta, kulembanso. Kunyumba kwa ansembe a tchalitchi chathu kunali kalendala ya chithunzi cha hotela ina ya ku Nkopola: mchenga woyera ngati ufa, maambulera a udzu, mipando yogonera. Tikapita kukaphunzira nyimbo za kwaya, ine maso ankakhala pamenepo. Ndiye malo oyamba ndinalemba hotelayo. Achiwiri ndinalemba pogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu. Achitatu ndinalemba ku Cape Maclear, kumene aphunzitsi athu ankati madzi ake ndi oyera moti umaona tinsomba tamitundumitundu tikuyenda pansi.

Bambo anawerenga pepalalo atalitalikitsa ndi maso, monga ankachitira ndi buku la mapemphero.

"Bwanji osayamba ndi doko la asodzi? Alipo ambirimbiri m'njiramo. Mwana aviike kaye mapazi, zinazo pambuyo."

"Kudoko kumanunkha usipa, bambo, ntchentche zokhazokha. Ine ndikufuna aone nyanja yeniyeni."

"Ndiye iyi timasambayi ndi yabodza?" anaseka, n'kundibwezera pepala. Bambo anali munthu woti akakupatsa chinthu sakulandanso, ngakhale akuona kuti wachigwira chozondoka.

Loweruka m'mamawa tinamupeza Asiyatu pamphambano ya msewu wa ku Namwera, atavala chitenje chatsopano ndi mpango kumutu, kachikwama atakapanira kukhwapa. Anagwada n'kupereka moni m'Chiyao, "Ajimwiche uli, amjomba?" kutanthauza kuti mwadzuka bwanji amalume. Kenaka anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Tinakhala atatu kutsogolo, injini itamangidwa ndi zingwe kumbuyo.

Amene sanayendepo msewu umenewo amaganiza kuti umadutsa m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Ayi ndithu. Nyanja imangosuzumira pakati pa milambe ndi migwalangwa, n'kubisalanso kuseri kwa nyumba. Ikangoonekera, Asiyatu ankadzuka pampando mpaka mutu kugunda denga. Pamalo ena tinaona amayi atasenza mabeseni akulowa kanjira kotsikira kudoko.

"Amjomba, sitingatsike pang'ono pokha?"

Bambo anachepetsa liwiro n'kuyang'ana ine.

"Pamenepa palibe papepala," ndinatero. "Dikira, kutsogolo ukaona zenizeni."

Galimoto inapitirira.

Ku Nkopola tinapeza chinthu chimene pakalendala paja panalibe: geti lachitsulo ndi mlonda wa yunifolomu. Anazungulira galimoto yathu, imene fungo la nsomba linali litaikanirira kalekale, n'kufunsa ngati tabwera kudzasiya katundu. Bambo anati ayi, ana akufuna kuona nyanja. Mlondayo sanatikalipire. Anangoti muno mumalowa alendo odzagona kapena odzadya. Ine ndinatsika n'kuyamba kufotokoza za kalendala, za ansembe, za pepala langa. Kupyola m'zitsulo za getilo kunkaoneka kachigawo kakang'ono ka madzi, ndipo Asiyatu anaima chonyang'ama kuti akaone bwino.

"Bwererani m'mbuyo pang'ono," anatero mlondayo motsitsa mawu. "Pali kanjira ka kumudzi. Mukafika pamadzi popanda wokufunsani."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Manyazi anali atandigwira pamaso pa mlendo wanga, ndipo manyazi a mwana sachedwa kusanduka makani. Ndinati munthu amene watikaniza kulowa sangakhalenso wotilozera njira. Ndinakwera m'galimoto, ndinamenyetsa chitseko, n'kunena kuti ku Cape n'kwabwino kuposa kuno. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka analiza galimoto.

Pa ziboliboli paja tinangotayapo nthawi. Dzuwa linali litakwera, phula likuwotcha kupyola m'masilipasi. Wogulitsa ataona kuti sitigula anatiuza kuti tizionera patali. Ine ndinakakamirabe kuzungulira mashedi onse, poti malowo anali papepala. Asiyatu anaima pamthunzi, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera kamphepo.

Titafika ku Monkey Bay, makaniko kunalibe. Amene tinawapeza pagalaja pake anati wapita kukaona boti lina, abwera posachedwa. Bambo sakanatha kungotula injini ya eni ake osamufotokozera vuto lake, choncho tinakhala pa matayala akutha n'kumadya mango. Panali ponunkha oyilo, nyanja osaoneka.

"Tsikani ndi njira iyi, madzi sali patali," anatero bambo. "Musachedwe."

Ndinakananso. Ndinati tikapita, makaniko abwera tili kumeneko, ndiye tichedwa ku Cape.

Asiyatu anandikoka diresi. "Asuweni, ine ngakhale pompano pandikwanira."

"Iwe wa kumapiri ukudziwa chiyani za nyanja?"

Asiyatu anakonza mpango wake n'kuyang'ana pansi. Mawu amenewo ndikanakonda akanati ananena munthu wina, koma ndinanena ndine.

Makaniko uja anatulukira dzuwa litapendeka kale. Atamaliza kukambirana ndi kutsitsa injini, bambo anayang'ana kumwamba n'kunena kuti ku Cape sitifika, tikachedwa pang'ono matola amusiya Asiyatu. Ndinalira mokweza ngati kamwana, anthu a pagalajapo n'kumatiyang'ana. Pobwerera bambo anathamangitsa galimoto moti zingwe zinkawomba kumbuyo. Tsopano ndine amene ndinkaloza kanjira kalikonse kotsikira kudoko.

"Bambo, tiime apa. Paliponse, chonde."

"Tinjira timeneti n'tamchenga, tingatitimire. Nthawi unali nayo m'mawa."

Ndinakwiyira bambo, ndinakwiyira mlonda, makaniko, ngakhale ansembe ndi kalendala yawo. Mtima unkasakasaka woti umuloze chala, ndipo aliyense ankakwanira kupatula mwini pepala.

Tinawoloka mlatho wa pa Shire ku Mangochi n'kupeza matola a ku Namwera atatsala pang'ono kudzaza, kondakitala akumenya bodi kuitana anthu. Bambo anapita kukamupempha kuti asunge malo. Pomwepo Asiyatu anatsegula kachikwama kake kaja, n'kutulutsa botolo lapulasitiki lopanda kanthu, lotsukidwa bwino. Anathamangira kunsi kwa mlatho kumene amayi ankachapa, anawerama, n'kulidzaza. Anabwerera akupuma mwaphuma, m'munsi mwa chitenje mutanyowa.

"Azing'ono anga atatu anandituma madzi a m'nyanja," anatero. "Akundidikira. Asuweni, madzi awa amachokera m'nyanja, eti?"

"Inde, amachokera m'nyanja."

"Basi. Ndikawauza kuti ndinafika."

Sananene mokwiya, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka. Anatseka botolo mwamphamvu, anagwadira bambo n'kunena kuti "Sikomo, amjomba," kenaka anakwera pamwamba pa matumba a feteleza, botolo lili pamiyendo.

Ine ndi bambo tinalowa mumsewu wa kwathu. Titayandikira ku Malindi bambo anandifunsa funso limodzi lokha.

"Mlungu wonse uja, kapena lero lonse, unamufunsako mnzako chimene ankafuna?"

Pepala lija linali m'manja mwanga, litafewa ndi thukuta.

Patapita zaka zochepa Asiyatu anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Timayankhulana pafoni nthawi ya Eid ndi ya Khirisimasi, ndipo za tsiku limenelo sanazitchulepo. Ine ndi amene sizindichoka. Ndinazindikira mochedwa kuti malo atatu aja anali anga onse. Anali malo amene ine mwana wa ku Lungwena ndinkawalakalaka, chifukwa nyanja ya pakhomo pathu ndinkachita nayo manyazi. Ndinakonza ulendo wanga n'kuutcha wa Asiyatu. Iye sankafuna maambulera a udzu kapena tinsomba tamitundumitundu. Ankafuna kuponda m'madzi n'kudzaza botolo, ntchito yosatenga nthawi n'komwe, ndipo katatu konse mwayi unapezeka ine n'kuukankha.

Masiku ano ndikatenga alendo kukayenda m'mbali mwa nyanja, ndimayamba ndawafunsa chimene adzera, ndipo timaima pamadzi oyamba kuwapeza, kaya pali ntchentche kaya palibe. Koma zimenezi sizikonza za tsiku lija. Madzulo ake ku Namwera ana atatu anazungulira botolo la madzi a mumtsinje, mkulu wawo akuwafotokozera za nyanja imene sanaiponde. Asiyatu sanali mwana wabodza. Bodza limenelo ndinamusenzetsa ndine.